Ulendo woyamba wa ku Ulaya muli awiri: kukonza njira ya mizinda itatu

Anthu awiri akagwirizana zokacheza ku Ulaya koyamba, chimene chimafulumira kutuluka ndi mndandanda wa mizinda: Paris, Rome, Amsterdam, Barcelona, Venice, London, yonseyo m'milungu iwiri. M'pomveka. Tikiti ya ndege kuchokera ku Lilongwe kapena ku Chileka ndi yodula, visa siipezeka mwachisawawa, ndipo palibe akudziwa kuti mwayi wotere udzabweranso liti. Koma akuluakulu anati ichi chakoma icho chakoma pusi anagwa chagada. Mizinda isanu ndi umodzi m'masiku 12 imakutherani nthawi m'masiteshoni ndi m'mabwalo a ndege, mukukoka masutikesi, mwatopa, mwayamba kuyankhana mokalipa. Zonse zimene ndalemba pano zatsamira pa mfundo imodzi: sankhani mizinda itatu, muiyale pa njira imodzi yosabwerera m'mbuyo, ndipo visa, matikiti ndi malo ogona zitsate njira imeneyo. Chitsanzo changa ndi Rome, Florence ndi Paris, mausiku 12.

Choyamba: khalani pansi awiri musanayang'ane mitengo

Aliyense atenge pepala lake, alembe zinthu zitatu zimene akapanda kuziona adzabwerako mtima uli m'malere. Musaonetsane mpaka nonse mutamaliza. Wina angalembe Misa ku tchalitchi cha Petulo Woyera, wina nsanja ya Eiffel usiku, wina kungokhala pa lesitilanti ya m'mbali mwa msewu osathamangira kulikonse. Zinthu zisanu ndi chimodzi zimenezo ndizo msana wa ulendo. Mzinda umene sunatchulidwe pa mapepala onse awiri uchotseni, ngakhale anzanu auyamikire motani.

Pa tsiku lomwelo kambiranani zinthu ziwiri zimene maanja ambiri amazengereza. Ndalama: zilipo zingati, akusunga ndani, ndipo aliyense akhale ndi zingati zakezake zogulira chimene wafuna popanda kufunsa mnzake. Ndiponso mphamvu za miyendo. M'mizinda imeneyi munthu amayenda wapansi tsiku lonse, pa misewu ya miyala, kukwera ndi kutsika masitepe. Ngati mmodzi amavutika bondo kapena msana, kapena amakonda kupuma masana, ulendo uyende pa liwiro la iyeyo.

Chachiwiri: nyengo

Nyengo ya ku Ulaya ndi yosemphana ndi yathu. Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene kwathu kukuzizira, ku Rome ndi ku Florence kumatentha koopsa, alendo amachuluka ndipo mahotelo amakwera mtengo. Pakati pa Ogasiti anthu ambiri a ku Italy amapita kutchuthi, moti malesitilanti ndi masitolo ang'onoang'ono ena amatseka. Miyezi yabwino ndi Meyi, kumayambiriro kwa Juni, Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale zinthu zimatsikako mtengo, kupatula nyengo ya Khirisimasi, koma kumada msanga ndipo mudzafunika majekete olemera.

Chosangalatsa n'chakuti kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala nthawi ya ku Italy ndi ku France imafanana ndi ya ku Malawi. Simusintha wotchi, ndipo tulo sitisokonekera.

Chachitatu: yalani njira, ndipo werengani mausiku

Musawerenge masiku. Werengani mausiku amene mudzagone mumzinda uliwonse. Mausiku awiri amapereka tsiku lathunthu limodzi lokha, atatu amapereka awiri. Tsiku losamuka, ngakhale sitima itenge ola limodzi ndi theka, limadya m'mawa wonse: kulongedza, kutuluka m'hotelo, kupeza siteshoni, kufika, kusaka hotelo yatsopano, kudikira kuti chipinda chikonzedwe. N'chifukwa chake mzinda waukulu ngati Rome kapena Paris umafuna mausiku osachepera anayi.

Kenako ikani masiku a sabata pa njirayo, chifukwa malo otchuka ali ndi masiku amene amatseka. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican zimatseka Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi pamene kulowa ndi kwaulere koma mzere ndi wautali kwambiri. Ku Florence, malo oonetsera zojambula ndi zosema a Uffizi ndi Accademia, kumene kuli chosema cha David cha Michelangelo, amatseka Lolemba. Ku Paris, Louvre imatseka Lachiwiri, pamene Musée d'Orsay ndi nyumba yachifumu ya ku Versailles zimatseka Lolemba. Mukaziika pamodzi, njira ina imadzikonza yokha.

Mwanyamuka kwathu Lachitatu, mwafika ku Rome Lachinayi m'mawa. Tsiku limeneli musaikepo tikiti iliyonse yokhala ndi ola, poti mwagona mundege ndipo ndege ikhoza kuchedwa. Siyani katundu, idyani, yendani pang'onopang'ono madzulo kudzera ku Pantheon, Piazza Navona ndi kasupe wa Trevi, zonse zili pafupipafupi. Lachisanu ndi la Vatican. Loweruka ndi la Colosseum, bwalo lalikulu la masewera la Aroma akale, ndipo tikiti yake imalowetsanso ku Roman Forum ndi phiri la Palatine. Lamlungu masana, 12 koloko, Papa akakhala ali ku Rome amatsogolera pemphero la Angelus pa bwalo la Petulo Woyera, ndipo sipafunika tikiti. Lolemba kwerani sitima ya ku Florence. Popeza Uffizi ndi yotseka tsiku limenelo, simunataye kanthu: wolokani mlatho wa Ponte Vecchio, kwerani ku Piazzale Michelangelo mukaone mzinda wonse dzuwa likulowa. Lachiwiri Uffizi. Lachitatu Accademia, kapena kukwera masitepe 463 a denga lozungulira la tchalitchi chachikulu, kapena sitima ya pafupifupi ola limodzi kukaona nsanja yopendekeka ya ku Pisa. Sankhani chimodzi kapena ziwiri, osati zonse. Lachinayi pitani ku Paris. Lachisanu Louvre, imene tsiku limeneli imatseka mochedwa usiku. Loweruka Versailles kapena nsanja ya Eiffel. Lamlungu tchalitchi cha Notre-Dame, chimene chinatsegulidwanso mu Disembala 2024 chitapsa ndi moto mu 2019, ndipo kulowa ndi kwaulere. Lolemba lisiyeni lopanda kanthu. Lachiwiri mubwerere kwathu.

Tsiku lopanda kanthulo musalidzaze. Ndi limene mudzabwerere ku malo amene mwawakonda, mudzagule mphatso za akunyumba, kapena mudzasiyane maola atatu aliyense akachite zake n'kukumananso pa chakudya chamadzulo. Anthu okondana amene akhala limodzi usana ndi usiku kwa masiku khumi amafuna kampata kotere, ndipo si chizindikiro chakuti chinachake chalakwika.

Chachinayi: visa

Apa ndi pamene pamafunika kudekha kwambiri. Italy ndi France ali m'gulu la mayiko 29 a Schengen, amene pakati pawo anthu amadutsa popanda kudinditsa pasipoti, choncho visa imodzi ikukwanirani ulendo wonse. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika visa imeneyi, ndipo aliyense wa inu apemphe yakeyake, ngakhale ndinu banja. Amene mukukhala ku Britain kapena ku Joni ndi pasipoti ya kwathu, mumapempha m'dziko limene mukukhala movomerezeka.

Visa imapemphedwa ku dziko limene mudzakhaleko nthawi yaitali. Pa chitsanzo chathu, ku Italy ndi mausiku asanu ndi awiri, ku France asanu, ndiye mupemphe ya Italy. Mausiku akafanana, mumapempha ku dziko limene mudzayambe kulowa. Ichi n'chifukwa chake njira iyenera kukhazikika visa isanapemphedwe. Dziwaninso kuti si mayiko onse a ku Ulaya amene ali ndi kazembe ku Lilongwe. Kazembe wa Italy amene amayang'anira Malawi amakhala ku Lusaka. Choncho musanachite china chilichonse, onani pa tsamba la ofesi ya kazembe wa dziko lanulo kuti mapepala a anthu okhala ku Malawi amalandiridwa kuti, chifukwa ngati kuli kopita kunja, umenewo ndi ulendo wina wofuna ndalama ndi masiku akeake.

Malamulo ake ndi awa. Mukhoza kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo musachedwe kupitirira masiku 15 ulendo usanachitike. Yankho limabwera m'masiku 15, koma likhoza kutenga mpaka 45. Ine ndikuti pemphani kutatsala miyezi itatu. Mtengo ndi mayuro 90 munthu wamkulu mmodzi, ndipo sabweza akakukanani. Ngati mapepala akudzera ku kampani yolandirira mafomu, iyonso ili ndi mtengo wake. Pasipoti ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi, ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo ikhale ikugwirabe ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku limene mudzatuluke m'mayiko a Schengen. Pamafunika inshuwalansi ya chipatala ya paulendo yosachepera mayuro 30,000, yogwira ntchito m'mayiko onse a Schengen. Mudzapita nokha kukajambulitsa zidindo za zala.

Ofesi ya visa imafuna kukhutira pa zinthu ziwiri: kuti muli ndi ndalama zokwanira, ndiponso kuti mudzabwerera kwanu. Ndiye konzani masitetimenti a ku banki a miyezi ingapo yapitayi, kalata ya kuntchito yonena kuti mwapatsidwa tchuthi ndipo mudzayambiranso tsiku lakuti, kapena mapepala a bizinesi yanu, umboni wa malo ogona a usiku uliwonse, ndi umboni wakuti mwasungitsa malo mundege popita ndi pobwera. Ngati mmodzi ndiye akulipira zonse, alembe kalata yonena zimenezo ndipo muikepo setifiketi ya ukwati. Musabwereke ndalama zambiri n'kuziponya mu akaunti kutatsala mlungu umodzi, chifukwa zimaonekera ndipo zimadzutsa mafunso. Musaperekenso mapepala abodza opangidwa ndi anthu olonjeza visa yachangu. Onjezani pepala limodzi lofotokoza njira yanu tsiku ndi tsiku, monga tayalira pamwambapa.

Visa ikatuluka, werengani chimene chamatidwa mu pasipoti musanachoke: dzina, tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi chiwerengero cha masiku. Tsiku lolowa ndi lotuluka onse amawerengedwa, choncho mausiku 12 ndi masiku 13.

London ndaisiya dala. Britain sali mu Schengen, ali ndi visa yakeyake ndi mtengo wakewake. Pa ulendo woyamba, ntchito ya visa imodzi ndi yokwanira.

Chachisanu: ndege

Palibe ndege yochoka ku Malawi molunjika ku Ulaya. Anthu ambiri amadzera ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines, ku Nairobi ndi Kenya Airways, kapena ku Johannesburg. Chofunika kwambiri ndi ichi: musagule tikiti yopita ndi kubwerera mzinda umodzi. Gulani yolowera ku Rome n'kutulukira ku Paris. Pa masamba ogulitsa matikiti imapezeka pamene palembedwa multi-city, ndipo wogulitsa matikiti aliyense amaidziwa. Ngakhale itakwererako pang'ono, mwapulumutsa tsiku lathunthu ndi mtengo wobwerera ku Rome. Ethiopian Airlines imafika mizinda yonse iwiriyi.

Ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi, kuti ndege yoyamba ikachedwa kampani ikuikeni pa ina ndipo katundu adutse yekha. Malo osinthira ndege pakhale maola osachepera awiri. Tikiti yosabwezeka muilipire visa itatuluka.

Chachisanu ndi chimodzi: kuyenda pakati pa mizinda

Lamulo losavuta: ngati sitima ikutenga maola osapitirira anayi, kwerani sitima. Imanyamuka pakati pa mzinda n'kukafika pakati pa mzinda, ndipo simulipira sutikesi ya kukula kwabwinobwino. Kuchoka ku Roma Termini kukafika ku Firenze Santa Maria Novella ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka, pa mtunda wocheperako pang'ono poyerekeza ndi wa Lilongwe kukafika ku Blantyre. Makampani ndi awiri, Trenitalia ndi sitima zake za Frecciarossa, ndi Italo. Yerekezani mitengo yawo. Matikiti otsika mtengo amatha msanga ndipo ambiri sabwezeka, ndiye agulidwe visa ikangotuluka. Pa matikiti ndi zikwangwani mizinda imalembedwa m'chinenero chawo: Roma, Firenze. Pa sitima zing'onozing'ono, monga ya ku Pisa, tikiti ya pepala iyenera kudindidwa pa kamakina ka pa siteshoni musanakwere, apo ayi mulipira chindapusa.

Kuchoka ku Florence kupita ku Paris, ndege imatenga pafupifupi maola awiri. Pa sitima ndi tsiku lonse, kudzera ku Milan ndi kudutsa mapiri a Alps, ndipo kwa okonda kuona dziko pa windo ndi tsiku losaiwalika. Mukasankha ndege zotchipa, werengani bwino. Mtengo woyamba kuoneka nthawi zambiri ndi wa kachikwama kakang'ono kokha, sutikesi ndi yolipira padera, ndipo ndege zina zolembedwa Paris zimatera ku Beauvais, mtunda wopitirira makilomita 80 kuchokera mumzinda.

Chachisanu ndi chiwiri: malo ogona

Sankhani dera musanasankhe hotelo. Chipinda chotchipa chakutali chimakudyerani maola awiri tsiku lililonse ndipo simungabwerereko masana kukapuma. Ku Rome yang'anani ku Monti, ku Prati pafupi ndi Vatican, kapena ku Trastevere. Florence ndi yaing'ono, kulikonse koyendeka wapansi kuchokera pa siteshoni n'kwabwino. Ku Paris chachikulu ndi kukhala pafupi ndi siteshoni ya metro, sitima za mumzinda zoyenda pansi pa nthaka.

Sungitsani zipinda zimene mukhoza kuzikana popanda kulipira, kufikira visa itatuluka. Onetsetsani kuti bedi ndi limodzi lalikulu, osati awiri ang'onoang'ono, ndiponso kuti bafa ndi lanulanu. Nyumba zambiri zakale zilibe chikepe, ndiye funsani ngati chipinda chili pamwamba. M'chilimwe funsaninso za makina oziziritsira chipinda. Mizinda yonse itatu imalipiritsa msonkho wa alendo pa munthu aliyense usiku uliwonse, ndipo kawirikawiri umalipiridwa pa hotelo pomwepo. Nyumba ya lendi yokhala ndi khitchini ndi makina ochapira imathandiza pa mzinda wapakati: mumachapa zovala, mumaphika chakudya chimene mimba yanu inazolowera.

Chachisanu ndi chitatu: matikiti olowera

Vatican, Colosseum, Uffizi, Accademia, Louvre ndi nsanja ya Eiffel zimagulitsa matikiti okhala ndi tsiku ndi ola. Gulani pa masamba enieni a malowo kutatsala milungu ingapo, chifukwa masamba ena ooneka ngati omwewo amagulitsa modula. Ku Colosseum tikiti imalembedwa dzina, ndiye nyamulani pasipoti. Ku Louvre, kuyambira mu Januwale 2026, alendo ochokera kunja kwa Ulaya amalipira mayuro 32.

Chinthu chachikulu chimodzi pa tsiku, m'mawa. Masana ndi madzulo akhale omasuka. Ku matchalitchi a ku Italy, makamaka cha Petulo Woyera, salola mapewa ndi mawondo oonekera, amuna ndi akazi omwe. Chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhaniyi.

Chachisanu ndi chinayi: ndalama

Kwathu ndalama zakunja zimavuta kupeza, choncho pitani ku banki yanu msanga, osati mlungu womaliza. Funsani kuchuluka kwa mayuro amene angakugulitseni, mapepala amene akufuna, ndi malire a ndalama zimene khadi lanu lingalipire kunja. Auzeni masiku a ulendo kuti asatseke khadi poganiza kuti labedwa. Aliyense akhale ndi khadi lake ndi gawo la ndalama, musaike zonse m'chikwama chimodzi. Makina olipirira ndi khadi akakufunsani mtundu wa ndalama yoti mulipirire, sankhani yuro. Mukamaliza kuwerengetsera zonse, onjezani gawo limodzi mwa magawo khumi la zadzidzidzi.

Pa chakudya ndi pamene mungapulumutse zambiri. Idyani chakudya chachikulu masana, madzulo mugule buledi, tchizi ndi zipatso m'sitolo. Pewani malesitilanti oyang'anizana ndi malo otchuka, lowani misewu iwiri mkati. Ku Italy khofi womwera choimirira pa kauntala ndi wotchipa kuposa wokhala pansi, ndipo pa bilu pamakhala kandalama kotchedwa coperto ka munthu aliyense wokhala patebulo. Ku Rome madzi a m'mipope ya m'misewu ndi abwino kumwa, nyamulani botolo. Ku France mukapempha carafe d'eau amakupatsani madzi apampopi kwaulere. Mukalakalaka zakwathu, ku Paris dera la Château Rouge kuli misika ya zakudya za ku Africa.

Chakhumi: mlungu womaliza

Sutikesi imodzi yapakatikati aliyense, imene mwiniwake angathe kuinyamula pa masitepe. Nsapato zoyendera zikhale zozolowera kale phazi, osati zatsopano. Mapulagi athu a mano atatu salowa m'masoketi a ku Italy ndi ku France, gulani adaputa ya mano awiri ozungulira. Mankhwala amene mumamwa akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata ya dokotala. Wina akatentha thupi muli kumeneko, uzani dokotala msanga kuti mwachokera kudera la malungo, chifukwa kumeneko sayamba kuganizira zimenezo. Nambala ya ngozi m'mayiko onsewa ndi 112.

Sindikizani inshuwalansi, mapepala a mahotelo, tikiti yobwerera ndi pepala la njira yanu. Visa si chitsimikizo chakuti mulowa: wapolisi wa pa bwalo la ndege akhoza kufunsa mapepala amenewa, ndipo foni ikhoza kutha moto. Aliyense asunge mu foni yake zithunzi za mapasipoti onse awiri. Koperani mapu a mizinda itatuyo kuti azigwira ntchito popanda intaneti, ndipo konzani za simu kapena eSIM (simu yoikidwa mu foni popanda kakhadi) yogwira ku Italy ndi ku France komwe.

Opisa m'matumba alipo, makamaka mu metro, pa masiteshoni akuluakulu ndi pamene alendo aunjikana. Chikwama chikhale kutsogolo, foni isaikidwe patebulo la panja. Munthu akakuyandikirani ndi pepala loti musaine, kapena akufuna kukumangani kachingwe padzanja monga amachitira pa masitepe a tchalitchi cha Sacré-Cœur ku Paris, kanani n'kupitirira. Gwirizananinso chochita mukasiyana mu metro chitseko chitatseka: amene wakwera atsike pa siteshoni yotsatira n'kudikira pomwepo, wotsalayo akwere sitima yotsatira.

Lembani pa pepala mmene mudzachokere pa bwalo la ndege tsiku loyamba. Ku Fiumicino, bwalo la ndege la ku Rome, sitima ya Leonardo Express imafika ku Termini m'mphindi 32, ndipo mukafuna takisi kwerani yokhayo ya pa mzere wovomerezeka, osati ya munthu wokuitanani mkati mwa bwalo. Tsiku lobwerera, sitima ya RER B imapita ku bwalo la Charles de Gaulle. Onani usiku wake kuti ikuyenda bwinobwino komanso kuti ndege yanu ikunyamukira mbali iti ya bwalolo, poti ndi lalikulu kwambiri, ndipo fikani kutatsala maola atatu.